Merton Pelkey ndi Keyala ya Kutsidya

Merton Pelkey, amene tinamuika m'manda chaka chatha masamba atayamba kufiira, ankadana ndi msonkho kuposa mmene anthu ena amadanirana ndi imfa. Enafe timang'ung'udza kenako n'kulipira, moyo n'kumapitirira. Merton ayi. Ukangotchula mawu akuti msonkho, mwamuna ankatuluka thukuta ngakhale mu Januwale, chipale chitafika m'chiuno. Ndiye poti tsoka limadziwa pofikira, munthu yemweyu anali ndi chilakolako chimodzi chokha padziko lapansi, chogula makobidi akale.

Sikuti anali wosauka. Anagwira ntchito moyo wake wonse kufakitale ya zitsulo ndipo penshoni ankalandira. Koma kuumira kwake kunali kochititsa manyazi mtundu. Kathumba ka tiyi ankakayanika pachingwe kuti kagwirenso ntchito mawa. Jekete ankavala la malemu bambo ake, galimoto ankailiza pa Khirisimasi pokha, ndipo mbale ya chopereka ikamadutsa kutchalitchi, pemphero limamugwira mwamphamvu moti maso samatseguka. Ndalama zonse zopulumutsidwa mwanjira imeneyi zinkathera pa madola akale asiliva, amene ankagula m'misika ya pa intaneti pa kompyuta yomwe laibulale inataya. Madola akewo ankawagwira atavala magolovesi oyera, akupumira kumbali kuti mpweya usawafike. Anthufe ankatipatsa moni ndi chibwano.

Mavuto anayamba chaka chimene misika ya pa intaneti ija inayamba kuwonjezera yokha msonkho pa mtengo. Kuno ku Vermont ndi masenti asanu ndi limodzi pa dola iliyonse, ndipo makina safunsa ngati wavomera. Merton analowa m'sitolo ya zitsulo ya Leland Sargent, mmene madoda amasonkhana m'mawa kumwa khofi waulere.

"Iwe Leland, ndikakupatsa dola yapepala iwe n'kundipatsa masenti, boma limadyapo?"

"Silidyapo."

"Nanga ine ndikapereka ndalama n'kulandira ndalama, ndagula chiyani? Ndangosintha basi. Dola ndi dola."

"Wanena bwino," anatero Leland, akupisa m'thumba. "Nayi dola yanga. Kanditengere yako yakuda ija umaigoneka pa thonje."

Madoda anaseka mpaka wina kutsamwa. Merton anamaliza kaye khofi, poti anali waulere, n'kutuluka.

Anaimba foni kulikulu la za msonkho kambirimbiri mpaka woyankha anayamba kumuzindikira ndi kapumidwe. Anakangana ndi kompyuta. Pamapeto pake anatulukira chinthu chimene chinamusangalatsa kuposa tsiku limene anabatizidwa: msonkhowo umatsata keyala. Phukusi likamapita ku Vermont, makina amawonjezera. Likamapita kutsidya kwa mtsinje ku New Hampshire, kumene kulibe msonkho wapamalonda, makina amangoti zii. Leland anamukumbutsa kuti lamulo limati katundu wotere ukawoloka naye uzikadziulula wekha n'kulipira. Merton anati khutu la mbali imeneyo linafera kufakitale. Wina anamulangiza kuti achite lendi kabokosi ku positi ya kutsidya, koma kabokosi n'kolipira, ndiye malangizowo anafera pomwepo.

Tsopano mukangotsika mlatho kutsidyako, nyumba yoyamba kumanja ndi yachikasu. Mmenemo mumakhala Velma Goodhue, mayi wamasiye amene anaphikira ana asukulu mpaka kupuma pantchito. Chimwalirireni mwamuna wake, Velma ankadya yekha, wailesi ikulankhula m'malo mwa munthu. Anali mayi wamtima wabwino, ndipo mtima wabwino ukakhalitsa wokha umayamba kukhulupirira zilizonse.

Tsiku lina anaona Merton ataima pamsewu, botolo la uchi wochokera ku madzi a mtengo wa mapulo lili m'khwapa, akuyang'anitsitsa bokosi lake la makalata. Botololo analipata pa mpikisano wa kutchalitchi ndipo linali litatsika kale pang'ono, koma Velma sanaone zimenezo.

"Muli ndi bokosi labwino, a Velma," anatero Merton. "Lalikulu, losadontha."

Velma anamva kutentha m'masaya. Anaganiza kuti umu ndi mmene amuna amanyazi amayambira nkhani, poti mwamuna wake woyamba naye anayamba n'kuyamikira mpanda. Merton atapempha kuti timaphukusi take tizifikira pamenepo, Velma anavomera mawu asanathe. Mawa lake mwamuna anabwera ndi guluu ndi zilembo zamkuwa, n'kumata M. PELKEY m'munsi mwa dzina la Goodhue. Zilembozo anazikanganula pabokosi la malemu bambo ake, a Maurice, ndiye sanaonongepo kanthu. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

M'chigwa chathu chino dzina la mwamuna pabokosi la mkazi si nkhani yaing'ono. Lamlungu lotsatira amayi a kwaya anamuzungulira Velma, kumutsina m'mikono, kumufunsa kuti tsiku ndi liti. Iye ankangoseka n'kumati anthu amakonda zokamba, koma Lolemba anapita kukakonzetsa tsitsi. Chimene Velma ankafuna sichinali chachikulu. Sankafuna penshoni ya Merton kapena nyumba yake yozizira ija. Ankangofuna kudziwa kuti pali munthu amene amawoloka mlatho chifukwa cha iye.

Merton ankawolokadi. Galimoto ya positi ikangochoka, iye uyo watulukira pamlatho akuyenda wapansi, jekete la bambo ake likukupiza. Velma anaona ndithu kuti maulendowa amagwirizana ndi maphukusi, sanali wopusa, koma anadziuza kuti munthu wamanyazi amafuna chonamizira. Ankamuikira khofi ndi payi, keke ya maapozi. Merton ankadya, kuvala magolovesi, kutsegula phukusi, n'kuyamba kulankhula mawu okoma kwambiri amene Velma anamvapo m'khitchini imeneyo. "Taonani tsaya lakelo, losalala. Tsitsi lonse likuoneka. Palibe amene anamukhudzapo." Ankanena za mkazi wojambulidwa pa dola. Velma ankaima kumbuyo kwake ndi tsitsi lake la kusaluni, n'kumatolako nyenyeswa.

Zinthu zinaphulika tsiku lina la mvula. Phukusi linafika litanyowa, katoni itafewa ngati buledi wa m'tiyi, ndipo Velma polinyamula, dola inagwera patebulo kuchoka m'kachikwama kake kapepala. Inali yakuda, m'mbali mwake mofiirira ngati pamene munthu wamenyedwa. Velma anapsa mtima m'malo mwa Merton. Anthu a pa intaneti opanda manyazi, kulandira ndalama za munthu wachikulire n'kumutumizira chinthu chauve chonchi. Anatenga soda ndi kansalu kamene amakwechera masipuni a kutchalitchi, n'kuikwecha dola ija ndi mphamvu zonse za chikondi mpaka inawala moti ankadzionamo mano. Anaiika pambale pafupi ndi payi, n'kukhala pansi kudikira kuyamikiridwa.

Zimene Velma sankadziwa n'zakuti anthu a makobidi amalipirira kuthimbirira komweko. Ndalama yakale ikangokwechedwa, kwa iwo yasanduka chitsulo wamba.

Merton anavala magolovesi, natulutsa kagalasi kake koonera. Anayang'ana nthawi yaitali osapuma.

"Mwaitani?"

"Ndaisambitsa."

"Kuda kumene mwachotsako kunatenga zaka zoposa zana kuti kubwere. Ndi kumene ndinagula. Chinthu chakale ukachikwecha chimatha mtengo, mayi inu."

Velma anayesa kuseka kuti nkhani ipepuke. "Ndiye ine amene ndimakadzikwecha kusaluni chifukwa cha inu, ndatha mtengo?"

"Inu munalibe mtengo woti n'kutha," anatero Merton, osakweza mawu, maso ali pa dola. "Ine kuno ndimadzera keyala."

Sanatukwane, sanamenye tebulo. Anangonena ngati akuuza munthu kuti kunja kukugwa mvula. Kenako anaponya dola ija m'thumba la buluku, nakulunga payi m'pepala, n'kuwoloka.

Velma analira kwa masiku, ndipo analira kwambiri chifukwa cha manyazi kuposa chikondi. Akanatha kukanganula dzina lija pabokosi, koma kwaya yonse inali italiona, ndipo kulichotsa kunali kulengeza pamsewu kuti anapusitsidwa. Ndiye anakhala pansi n'kuganiza monga mayi amene anathana ndi ana a eni kwa moyo wake wonse.

Phukusi lotsatira litafika, Merton anatulukira pamlatho ngati palibe chinachitika. Anapeza bokosi lili mbee, Velma atakhala pakhonde loyang'ana kumsewu, mipando iwiri, kapu imodzi ya khofi ikufuka.

"Phukusi langa?"

"Lili m'kabati, kiyi ali kwa ine. Kuno kutsidya nakonso kwayamba msonkho."

Merton anayera ngati magolovesi ake. Anafunsa kuti ndi zingati.

"Ndalama zanu khalani nazo. Mukhala apa, mugwira dzanja langa anthu akuona, mpaka khofi uyu azizire. Phukusi lililonse."

Merton anaima kaye, milomo ikuyenda, akuwerengetsera. Atapeza kuti dzanja silichotsa kanthu m'thumba, anakhala pansi.

Apa ndi pamene tauni yathu inayamba kudya bwino. Anthu amene analibe chochita kutsidya anayamba kupeza zochita. Magalimoto ankadutsa pang'onopang'ono akuliza hutala, Merton ali gwa pampando ngati wodwala dzino, dzanja lili m'dzanja la Velma, mutu wawerama akuuzira khofi. Velma anamuletsa kuuzira. Merton anayamba kugwedeza tebulo ndi bondo kuti khofi atayikeko. Velma anagula kapu yokhala ndi chivundikiro, ndipo Merton anakadandaula kwa Leland kuti boma lakweza msonkho popanda kufunsa anthu. Tsiku lina Velma anamugwira akuponya kachibuma ka chipale m'kapu kuchokera m'thumba la jekete. M'kupita kwa nthawi tinaona kuti makobidi ambiri amawagula m'nyengo yozizira, poti khofi wa pakhonde mu Febuluwale sachedwa. Mu Julaye, nyengo yotentha, ankagula pokhapokha mtengo ukakhala wosakanika, ndipo ankabwerako atatopa ngati wachokera kumunda.

Kusitolo madoda anamupatsa Velma dzina lakuti Boma. Merton akangolowa, Leland ankamufunsa ngati wakhoma kale mwezi uno, kapena Boma lamukhululukira. Wina ankati aonetse lisiti, wina n'kumugwira dzanja kuti aone ngati likadali lofunda. Merton ankangoti sekani, koma pa anthu nonsenu amene Vermont sadya zake ndi ine ndekha.

Tinkaseka Merton, koma ndikaganiza bwino tinkasekanso Velma, ndipo iye ankadziwa. Ankakhala pakhonde paja mutu uli m'mwamba, akubweza moni kwa odutsa, koma mumtima zinkamuwawa. Ankadziwa kuti dzanja wagwiralo ndi la lendi. Ankalimva likudikira. Komabe dzanja la lendi ndi lofunda kuposa wailesi, ndiye msonkho sanauchotse.

Patapita zaka zingapo, chinthu chachilendo chinayamba. Merton anatulukira pamlatho Lamlungu masana, tsiku limene positi siyenda.

"Ndimati mwina lafika," anatero, maso ali kubokosi.

Velma sanamukumbutse kuti ndi Lamlungu. Anamuikira mbale, poti Lamlungu amawotcha nyama ndi mbatata. Lamlungu lotsatira anabweranso, ndi linzake, ndi mawu omwewo. Akadya ankakhala pakhonde popanda phukusi, popanda khofi woti azizire, dzanja lina lili m'thumba la buluku. Sankalankhula zambiri. Kusitolo anthu anati nkhani ndi nyama yaulere basi. Velma anali ndi maganizo ena, koma sanafunse. Ankaopa, chifukwa choonadi chinali chinthu chokhacho chimene Merton ankapereka osawerengera.

Anamwalira Lamlungu, ali pamlatho, akulowera kutsidya. Mtima unangoima. Ndiye poti mtsinje wonsewo mpaka gombe la kuno ndi wa New Hampshire, tsiku lomwelo nthabwala inali itazungulira kale tauni yakuti Merton anadzikoka mpaka kudutsa malire kuti akafere kopanda msonkho. Koma nthabwala inazizira anyamata a ambulansi atafotokoza zimene anapeza. Dzanja lake lamanja linali m'thumba, lopanda golovesi, litafumbata dola imodzi. Inali dola yomwe ija Velma anaikwecha.

Tauni inasungunuka. Amayi a kwaya analira, n'kumati taonani, munthu amene sankakhudza ndalama ndi khungu anayenda ndi imeneyi zaka zonsezi. Ngakhale Leland anamina mwamphamvu n'kunamizira chimfine. Mwana wa mlongo wake wa Merton, amene anabwera kuchokera ku Connecticut kudzatenga chuma, anaipereka dolayo kwa Velma, atatsimikiza kaye kuti si ya mtengo. Pa chakudya cha pamaliro m'holo ya tchalitchi anamukhazika Velma patebulo la abale. Anakhala pamenepo dola ili m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zonse zija anakhulupirira kuti funso lake layankhidwa.

Pamalirowo panabweranso bambo wina wa ku Rutland, a Danforth, wogulitsa makobidi, amene anaitanidwa kudzaona katundu. Anali munthu wansangala, wokonda kuthandiza. Ataona dola m'manja mwa Velma anapempha kuiona, naitembenuza, n'kuseka mokondwa.

"Aa, anamvera ndithu. Ndine ndinamulangiza zimenezi pa foni. Ndalama ikakwechedwa umaiika m'thumba, uziyenda nayo, uziisisita ndi chala. Pakapita zaka zipsera zimafufutika, mtengo umabwererako pang'ono. Ndinamuuza kuti chinsinsi n'kuyenda, aziyenda ngakhale Lamlungu." Anaibweza. "Inatsala pang'ono. Akanakhalako zaka zina ziwiri akanaigulitsa bwino."

Anthu patebulo anaika masipuni pansi. A Danforth anayang'ana uku ndi uku, osadziwa kuti aphwanya chiyani, n'kupempha kuti awapatsire nyemba. Mayi wina wa kwaya anayesa kukonza zinthu, nati komatu munthu akhoza kuyenda kulikonse, bwanji ankasankha mlatho. Kumapeto kwa tebulo wina anayankha chapansipansi kuti njira ya kudzala kulibe nyama yowotcha. Anthu anayesa kudzigwira koma analephera. Tinaseka pamaliro, Velma ali pomwepo, ndipo ine ndinali m'gulu la osekawo.

Velma sanalire. Anamaliza chakudya chake, natsuka nawo mbale monga mwa nthawi zonse.

Mawa lake m'mawa anawoloka mlatho akuyenda wapansi n'kulowa m'sitolo ya Leland, madoda onse alimo. Kutsidya kwawoko masitolo aliko, opanda msonkho, koma iye anabwera kuno. Anasankha kalezala kopalira penti ka masenti 94, n'kuika dola ya Merton pakauntala.

Leland anaikankhira kwa iye. Anati siliva yekha wa m'menemo angagule malezala odzaza thumba, ndipo ngati vuto ndi ndalama angotenga kwaulere.

"Palembedwa chiyani pamenepo?" anafunsa Velma.

"Dola imodzi."

"Mwini wake ankati dola ndi dola. Msonkho ndi zingati?"

"Masenti asanu ndi limodzi."

"Ndiye zakwanira. Muonetsetse kuti asanu ndi limodziwo akafike."

Leland anabaya makina, kabati inatseguka, dola inagwera pakati pa anzake. Umu ndi mmene Merton Pelkey anakhomera msonkho ku Vermont, atagona m'manda tsiku limodzi. Palibe anaseka. Aliyense ankadziwa kuti lezalalo ndi la zilembo za pabokosi.

Makobidi ena onse mwana wa mlongo wake uja anawagulitsa pa misika yomwe ija, limodzilimodzi, kwa anthu a m'madera osiyanasiyana, ndipo makina anawonjezera zake paliponse pamene lamulo likutero. Nyumba ya Merton anagula anthu a ku Boston amene amayatsa magetsi m'zipinda zonse nthawi imodzi.

Kusitolo khofi akadali waulere, koma masiku ano amatsala m'ketulo. Msonkho tonse timalipira mwakachetechete ngati nkhosa, ndipo palibe woti atiuze kuti ndife opusa. Galimoto ya positi ikadutsa kutsidya, maso amapitabe okha kumlatho, kufuna jekete lija. Sindinganene kuti tinkamukonda munthuyo mmene mumakondera munthu wabwino. Koma m'mawa ndi wautali popanda woti umuseke, ndipo tazindikira mochedwa kuti pa nthabwala zathu zonse zija amene ankalipira anali mayi wa m'nyumba yachikasu.

Zilembo zija zikadali pabokosi. Nyengo yozizira inadutsa, mchere wa pamsewu ndi matope zinazidetsa, moti M. PELKEY tsopano amawerengeka ndi amene akudziwa kale. Lezala lili pawindo la kukhitchini, likadali m'pepala lake.

Chipale chitasungunuka, Leland, amene chikumbumtima chakhala chikumudya kuyambira tsiku la nyemba lija, anawoloka ndi kabotolo ka mankhwala owalitsira mkuwa ndi kansanza. Anapeza Velma ali pakhonde ndi kapu yake ya chivundikiro. Anamuuza kuti ngati dzinalo sakulichotsa, bola alipukute lizioneka bwino, ndipo anali atatsegula kale botolo.

"Zisiyeni, a Leland," anatero Velma, osadzuka pampando. "Chinthu chakale ukachikwecha chimatha mtengo."